Za Umoyo Wathu: Mphini zitatu pa nyung'unyu

 

Nkhani ya mwezi uno idayambira pa msonkhano wathu wina, titatha kudya, pamene timalongedza mipando. Mayi wina mwa ife, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, adakanika kudzuka pa kampando kakafupi mpaka adachita kugwira phewa la mnzawo. Ataimirira, dzanja lawo lidapita pambali pa chiuno, chala chachikulu kumbuyo, zala zinazo kutsogolo cha m'mphechepeche.

"Bwanji achemwali, mwendowo?" tidafunsa.

"Aa, musadandaule, ndi nyamakazi ya kuno. Kuziziraku. Ndikamwa Brufen zimaleka."

Mayiwa adali asadakwanitse zaka 40, ndipo Brufen ameneyu adali atamumwa zaka ziwiri. Lero ali bwino, adabwerera ku ntchito, ndipo atilola kuti tifotokoze zimene adadutsamo bola tisatchule dzina. Tawathokoza, chifukwa tikudziwa kuti pakati pathu alipo ena amene akuyenda motsimphina mwakachetechete, kuopa kutaya mashifiti.

Kumene kumachokera ululu

Kwathu tikati "chiuno chikundipweteka" timaphatikiza zambiri: msana, matako, ntchafu, ngakhale za m'mimba. Lero tikunena malo amodzi, pa nyung'unyu, pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi fupa la chiuno. Taganizani za munsi ndi mtondo. Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira ngati nsonga ya munsi, ndipo umazungulira m'kachibowo ka fupa la chiuno. Mafupa onse awiri adakutidwa ndi kanyama koterera kuti asamakhulane. M'mphepete mwa kachibowoko muli mkombero wofewa koma wolimba, wonga wa lichero, umene umagwira mutu wa fupa kuti ukhazikike bwino. Pa makalata a kuchipatala mkomberowu amaulemba kuti labrum.

Mwa anthu ena munsi uja si wobulungira bwino, uli ndi kanundu pakhosi pake. Madokotala amati cam. Mwa ena mlomo wa mtondo ndi umene udatalika mopitirira, ndipo amati pincer. Ena ali nazo zonse ziwiri. Munthu wotere akanjuta, akakhala pa mpando waufupi, akamatuluka m'galimoto kapena kuvala nsapato, fupa limagunda mkombero uja. Zaka zikamapita mkombero umang'ambika, kanyama koterera kaja nkuyamba kusendeka. Ululu umamveka kutsogolo, m'mphechepeche, nthawi zina nkutsikira ku bondo, ndipo ena amamva ngati china chake chikukodwa mkati. Dzina lake pa kalata ndi femoroacetabular impingement, mwachidule FAI. Limagwira kwambiri achinyamata ndi anthu a zaka zapakati, makamaka amene adasewera mpira kwambiri akukula.

Tsono taganizani ntchito zimene ambiri a ife timagwira kuno: kutembenuza wodwala pa bedi, kunjuta pomuveka nsapato, kukolopa masitepe, kunyamula makatoni, kuyendetsa basi tsiku lonse. Ntchito zimenezi sizipanga kanundu kaja, koma munthu amene ali nako zimamukumbutsa tsiku ndi tsiku.

Opaleshoni ya timabowo

Ambiri tikamva kuti opaleshoni timaganiza za bala lalitali ndi masabata ogona m'chipatala. Iyi ndi ina. Pa kalata amalemba kuti hip arthroscopy. Munthu amamugonetsa ndi mankhwala, phazi nkulimanga m'chinsapato cha pa bedi la ku fiyeta, kenaka nkukoka mwendo pang'onopang'ono kuti mutu wa fupa upatukane ndi kachibowo kake pafupifupi sentimita imodzi. Dokotala amaboola timabowo tiwiri kapena titatu pambali pa ntchafu, kalikonse kotalika ngati chikhadabo. Pa kena amalowetsa kakamera kopyapyala kuposa pensulo, pa tinato tizipangizo togwirira ntchito. Amapopera madzi mkati kuti aziona bwino, ndipo zonse zimaoneka pa kanema. Ngati mkombero udang'ambika amausoka nkuumangirira ku fupa. Ngati pali kanundu amakapala mpaka munsi ubulungire. Tizidutswa toyandama amatichotsa. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Mayi athu aja ataona zipsera zawo adaseka nkunena kuti agogo awo adawatemapo mphini zambiri kuposa zimenezi.

Nzeru imeneyi idatenga nthawi kuti ikhwime. M'chaka cha 1931 dokotala wina wa ku New York, Michael Burman, adayesa kusuzumira m'mfundo za mitembo ndi kachipangizo koonera, ndipo pa nyung'unyu adagwa mphwayi, adaona kuti mpothina kwambiri. Mu 1939 Kenji Takagi wa ku Japan adalemba za odwala anayi amene adawasuzumira m'nyung'unyu, mmodzi mwa iwo wa TB. Njirayi idayamba kufala m'zaka za m'ma 1980 madokotala atadziwa kukoka mwendo bwino, ndipo kuno ku England mmodzi mwa oyambirira adali Richard Villar wa ku Cambridge. Mu 2003 Reinhold Ganz ndi anzake a ku Bern, m'dziko la Switzerland, adafotokoza bwino za kugundana kwa mafupa kuja, ndipo kuchokera pamenepo ochitidwa opaleshoniyi adachuluka kwambiri. Bungwe la NICE, limene limaunika njira zochizira m'dziko muno, lidaivomereza mu 2011, ndipo mu 2012 bungwe la British Hip Society lidatsegula kaundula wolembamo mmene odwala akupezera pambuyo pake. Kuno ku London opaleshoniyi imachitika m'zipatala zingapo za NHS, monga Royal National Orthopaedic Hospital ku Stanmore, kumene imathera sitima ya Jubilee, University College Hospital pa Euston Road, ndi Guy's ku London Bridge.

Kodi imathandizadi?

Funso limeneli lidafufuzidwa m'dziko momwe muno. Kafukufuku wotchedwa UK FASHIoN, amene adatsogolera ndi Damian Griffin wa ku yunivesite ya Warwick, adatenga odwala 348 m'zipatala 23 za NHS nkuwagawa pawiri mwa maere. Ena adachitidwa opaleshoni, ena adapatsidwa mafizo okonzedwa molingana ndi munthu aliyense. Zotsatira zidatuluka mu 2018. Pa muyeso wa mapointi 100 wa mmene munthu akupezera, a opaleshoni adachoka pa 39 kufika pa 59 patatha chaka, pamene a mafizo adachoka pa 36 kufika pa 50. Kafukufuku wina wa ku Oxford, wa odwala 222 m'zipatala zisanu ndi ziwiri, adatuluka mu 2019. Mwa ochitidwa opaleshoni, pafupifupi theka ndi amene adapezadi kusintha kooneka patatha miyezi isanu ndi itatu. Mwa a mafizo adali mmodzi mwa atatu.

Manambalawa akutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mafizo si njira yongokuchotserani pakhomo ayi, amathandiza, ndipo ena amachira nawo osafikanso ku fiyeta. Chachiwiri, opaleshoni imaposa mafizo, koma 59 si 100. Alipo amene amadzuka, nkuchira mabala, ululu nkukhalabe.

Okonda masewero akukumbukira Andy Murray, katswiri wa tenesi. Mu Januwale 2018 adachitidwa opaleshoni ya timabowo ku Melbourne, koma ululu sudathe chifukwa mfundo idali itaperepeseka kale. Mu Januwale 2019 adachitidwa ina yaikulu kuno ku London, yomuveka chitsulo pa mutu wa fupa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho adapambana chikho ku Antwerp. Ngati munthu wa ndalama ndi madokotala otchuka zidamutero, ndiye kuti nkhani si ndalama. Chimene chimalamula ndi mmene mfundo yanu ilili mkati.

Tidaziona zimenezi m'bungwe mwathu momwe. Bambo wina wachikulire, ataona kuti mayi aja achira, adapita kwa dokotala nkukapempha timabowo tomweto. Atajambulidwa zidaoneka kuti kanyama koterera kaja kadatha, fupa likukhula fupa linzake. Adawauza kuti kupala kanundu sikungabweze chimene chidatha, chofunika ndi kuika mfundo yatsopano, opaleshoni imene John Charnley adaikhazikitsa ku Wrightington mu 1962 ndipo yathandiza anthu osawerengeka. Bambowa adabwerako atakwiya, amati awamana chifukwa ndi obwera. Tidakhala nawo pansi nkuwerenga kalata ija limodzi. Sadawamane. Mankhwala a mnzako si ako ngakhale mukutsimphina mofanana.

Njira yake kuno

Khomo ndi GP. Kulembetsa kwa GP ku England ndi kwaulere kwa aliyense, ndipo malamulo a NHS salola kukana munthu chifukwa choti alibe chiphaso kapena kalata yotsimikiza kumene amakhala. M'masajale ambiri tsopano muli odziwa mafizo amene mungaonane nawo mwachindunji. Adzakugonekani chagada, nkupinda bondo kulozetsa pachifuwa, nkulipotolera mkati. Ngati ululu uja wabwera, ndi chizindikiro. Kenaka amajambula ekisire, ndipo ngati mpofunika amatumiza ku sikani ya MRI imene imaonetsa mkombero. Nthawi zina amabaya jakisoni wa dzanzi mkati mwa mfundo. Ululu ukatha kwa maola angapo, amadziwa kuti gwero lake ndi pomwepo, si msana. Masiku ano sathamangira kulowetsa kamera pongofuna kuona, ngakhale kuti kamerayo ndi imene imaonetsa bwino koposa mmene kanyama kaja kawonongekera. Dziwaninso kuti anthu ambiri ali ndi kanundu kaja koma samva kanthu. Nchifukwa chake akatswiri atakumana ku Warwick mu 2016 adagwirizana kuti chithunzi chokha si matenda. Pafunika zitatu pamodzi: ululu, zimene dokotala wapeza pokupimani, ndi chithunzi.

Apa tikupempheni chinthu chimodzi. Ululuwu umamveka malo amene ife Amalawi timachita nawo manyazi kuloza, makamaka ngati dokotala ndi mwana wamng'ono kapena si mwamuna kapena mkazi mnzathu. Mayi aja ulendo woyamba adangonena kuti msana, ndipo adawapima msana. Miyezi idapita pachabe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Lozani pamene pakupweteka. Muli ndi ufulu wopempha kuti m'chipindamo mukhale munthu wina, ndiponso wopempha womasulira mwaulere ngati Chingerezi cha kuchipatala chikukuzunguzani.

Auzeninso adokotala mbiri yanu yonse, pakuti nyung'unyu ya munthu wochokera kwathu ili ndi adani ena. Pali vuto la kufa kwa mutu wa fupa chifukwa chosowa magazi, limene limagwira kwambiri anthu a sickle cell, amene ali ndi HIV, amene adamwa mankhwala a steroid nthawi yaitali, ndi okonda mowa kwambiri. Poyamba ekisire imatha kuoneka yabwinobwino pamene MRI ikuonetsa vutolo. Kumudzi, kaundula wa maopaleshoni oika mfundo zatsopano amene adayamba mu 2005, pogwiritsa ntchito kwambiri odwala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, adaonetsa kuti vuto limeneli ndi limene limabweretsa ambiri. Palinso TB ya m'mafupa. Chithandizo cha TB ndi cha HIV ku England ndi chaulere kwa aliyense, kaya mapepala ake ali bwanji. Ndipo ngati ululu wabwera ndi kutentha thupi, kuonda, kutuluka thukuta usiku, kapena mwendo ukukanika kuponda pansi, musadikire tsiku la GP. Imbani 111 kapena pitani ku A&E.

Akakutumizani kwa katswiri wa mafupa, muli ndi ufulu wosankha chipatala. Muyeso wa NHS umati chithandizo chiyambe pasadathe masabata 18, koma pa za mafupa ambiri amadikira kupitirira apo. Mukasamuka nyumba, monga timachitira kawirikawiri, auzeni a GP ndi a chipatala adiresi yatsopano. Kalata ikapita kumene mudachoka, inu nkulephera kufika, dzina lanu likhoza kuchotsedwa pa mzere.

Opaleshoni ikatha

Timabowo ndi tating'ono koma ntchito imene yachitika mkati ndi yaikulu. Munthu amayendera ndodo masabata awiri kufikira asanu ndi limodzi, malinga ndi zimene adakonza. Mafizo amatenga miyezi, ndipo kuchira kwenikweni kumatha kutenga chaka. Wa ntchito ya mu ofesi amabwerera patatha masabata ochepa, koma wonyamula anthu kapena katundu awerengere miyezi itatu kapena kuposa. Zovuta zake ziliponso. Chifukwa cha kukoka mwendo kuja, ena amachita dzanzi pa ntchafu, kuphazi kapena kumaliseche, ndipo kawirikawiri limatha lokha patapita masiku kapena masabata. Mwa apo ndi apo bala limatukusira, kapena magazi amaundana m'mitsempha ya mwendo. Funsani zonsezi musadasaine, ndipo funsani dokotalayo kuti amachita maopaleshoni otere angati pa chaka ndiponso ngati amalemba odwala ake m'kaundula uja. Sangakhumudwe. Safunsa adadya phula.

Chimene chidawavuta kwambiri mayi aja si bala. Idali lendi. Malipiro a boma a wodwala, Statutory Sick Pay, m'chaka cha 2025 adali £118.75 pa sabata, ndipo amaperekedwa mpaka masabata 28. Aliyense amene amalipira chipinda mu London akudziwa kuti ndalama imeneyi siifika patali, tisanene za fizi ya ana kumudzi. Patangotha masabata atatu adafuna kubwerera ku shifiti. Wa mafizo adawaletsa, ife tidawaletsanso, ndipo amayi a m'bungwe adagawana masiku owapitira ndi chakudya ndi kukawatengera ana kusukulu. Akadabwerera nthawi imeneyo nkukanyamula munthu, ulusi uja ukadatha kuduka, zaka zonse zodikira nkupita m'madzi.

Choncho amene mwapatsidwa tsiku, konzekeranitu. Werengani kontrakiti yanu muone zimene abwana anu amapereka munthu akadwala. Mukadwala kupitirira masiku asanu ndi awiri pamafunika kalata ya kuchipatala yotchedwa fit note, ndipo kuyambira mu 2022 odziwa mafizo nawonso amaloledwa kuilemba. Kalatayi ikhoza kunena kuti mubwerere pang'onopang'ono kapena mupatsidwe ntchito yopepuka. Auzeni a kumudzi mosabisa kuti kwa miyezi ingapo ndalama ichepa. Ndi bwino adandaule miyezi itatu kusiyana ndi kuti mudzaleke ntchito muli ndi zaka 45.

Za achibale obwera kudzacheza

Ena atifunsa ngati angaitanitse mchimwene kapena mayi kuchokera kumudzi kuti adzachitidwe opaleshoniyi kuno. Chenjerani. Amene tili pa viza ya nthawi yaitali timalipira msonkho wa zaumoyo, umene udayamba mu 2015 ndipo mu 2024 udakwera kufika pa £1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu, kupatula a viza ya ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu amene salipira. Mlendo wa viza yochezera sali m'gulu limeneli. Kwa GP ndi ku A&E amuona mwaulere, koma opaleshoni yochita kukonzekera amalipira mtengo wake ndi theka pamwamba, ndipo amafuna ndalamazo opaleshoni isadachitike. Ngongole ya NHS ya £500 kapena kuposa ikapanda kubwezedwa ikhoza kumumanitsa viza ulendo wina.

Wachibale wotere ayambe wapimidwa konko. Chipatala cha Beit CURE chidatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ku Queens kuli madokotala a mafupa, ndipo mu 2023 ku Kamuzu Central ku Lilongwe kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. M'zipatala za m'maboma muli akatswiri othandiza pa za mafupa amene dziko lathu lidayamba kuphunzitsa mu 1985. Ndalama ya tikiti ya ndege ikhoza kulipirira kujambula ndi kuonana ndi katswiri kangapo, ndipo mwina zidzapezeka kuti chimene akufunika si timabowo konse.

Pomaliza, tibwerere ku Brufen uja. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi Indocid amene ena timaitanitsa kwa obwera kuchokera kumudzi, akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa amene ali ndi BP kapena shuga. Amatseka pakamwa ululu pamene mfundo ikupitirira kuperepeseka, ndipo opaleshoni ya timabowo imathandiza munthu amene wafika kanyama kaja kasadathe. Ngati papita masabata angapo nyung'unyu ikukuvutani povala nsapato kapena potsika basi, imbani kwa GP sabata ino. Amene mukufuna wokuperekezani kuchipatala, kapena wokuthandizani kuwerenga kalata imene mwalandira, auzeni a komiti pa msonkhano ukubwerawu. Mayi athu aja ati nawonso ali okonzeka kucheza ndi aliyense amene ali pa mzere, ndipo ndodo zawo adabweza kale kuchipatala.